Tochi, Wotchi ndi Chiboolero

Tsiku la malipiro m'maesiteti a tiyi, dzuwa likamapendeka, pa Luchenza sipakhala popondera. Njinga zamoto za kabaza zimalukanalukana ndi maminibasi opita ku Mulanje ndi ku Muloza, mathirakitala okoka ngolo, ndi amayi osenza matumba a ufa. Njinga imodzi imanyamula anthu atatu, nthawi zina anayi, ndipo chipewa chodzitetezera chikapezeka chimakhala chimodzi, pamutu pa woyendetsa kapena chitakolekedwa pa handulo. Mitu imagunda tala. Ina imagundidwa ndi chibonga kumowa, ina imagwa mumtengo wa mango, ina imagweredwa ndi khoma nyengo ya dzinja. Yonseyi imathera pa benchi ya chipatala, ndipo achibale amafunsa funso lomwelo: kodi amupanga opaleshoni?

Kawirikawiri yankho limakhala loti ayi. M'chaka cha 2001 madokotala a ku Canada, motsogozedwa ndi Ian Stiell, anafalitsa zomwe anapeza pa anthu 3,121 amene anafika kuchipatala atavulala m'mutu, atakomokako kapena kusokonezeka kwa kanthawi, koma akulankhula. Mwa anthu 100 aliwonse, 8 ndiwo anapezeka kuti ubongo wavulaladi, ndipo mmodzi yekha ndiye anafunika dzanja la dokotala wa ubongo. Kwa amene amafika atakomokeratu chiwerengerocho chimakwera kwambiri, komabe ngakhale pakati pa iwowa ochuluka amasamalidwa popanda kutsegula chigaza.

Luso limene ndimalisirira lagona pamenepa. Kuboola chigaza ndi ntchito yoti munthu akhoza kuiphunzira ndi manja. Chovuta ndi kumudziwa mmodzi uja pakati pa 99 ofanana naye, onse ali ndi chotupa pamphumi, onse akununkha fumbi ndi magazi, ndi kumudziwa nthawi isanathe.

Chimene chimachititsa kuti nthawi ikhale yochepa ndi chigaza chenichenicho. Cha munthu wamkulu sichifutukuka. M'kati mwake muli ubongo, magazi oyenda m'mitsempha, ndi madzi oyera amene ubongowo umayandamamo, ndipo malo onse ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Alexander Monro wa ku Edinburgh analemba zimenezi mu 1783, ndipo George Kellie anazitsimikiza mu 1824: chinthu china chikalowa m'chigazamo, china chiyenera kutuluka. Magazi akayamba kutayikira m'kati, thupi limayamba lachotsa madzi aja ndi magazi ena kuti lipeze malo, ndipo pa nthawi imeneyi munthu amaoneka wabwinobwino. Malo akatha, chotsala choti chisunthe ndi ubongo.

Cha pa litsipa, patsogolo pang'ono pa khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala kuposa malo ambiri, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha umene madokotala amautchula middle meningeal. Fupalo likang'aluka limatha kuudula. Magazi amatuluka ndi mphamvu ya mtima, n'kumasenda pang'onopang'ono nembanemba yolimba imene imakuta ubongo, kuichotsa ku fupa, ndi kuundana pamenepo. Ubongo weniweniwo nthawi zambiri umakhala usanavulale konse. Ukungofinyidwa. N'chifukwa chake vuto limeneli limawawa mtima kwambiri munthu akafa nalo, popeza akafika ku fiyeta msanga amatha kuchira n'kubwerera kuntchito ngati sipanachitike kanthu.

Tiyerekeze mnyamata wotchola tiyi amene wagwa pa kabaza cha m'ma 5 koloko madzulo. Wakomoka pang'ono, watsitsimuka, wadzisasa fumbi, wakangana ndi wakabaza za ndalama, wayenda yekha kukafika kwawo. "Musadandaule amayi, ndi kachilonda chabe." Amayi ake amuphikira nsima, iye wangoigwira pang'ono, akuti mutu ukuwawa. Wasanza. "Kagone mwanangu, udzuka bwino." Pakati pa usiku akuliza mkonono umene sanaulizepo chibadwire, ndipo a m'nyumba akuti tulo tamupeza, musiyeni. Kanthawi kabodza kameneka, koti munthu amadzuka n'kulankhula kenako n'kumira, sikaoneka pa onse, koma kakaoneka kamapusitsa ngakhale anthu ophunzira. Mu 2009 katswiri wa zisudzo Natasha Richardson anagwa akusewera pa chipale ku Canada, anadzuka akulankhula, anakana thandizo loyamba, ndipo patapita masiku awiri anamwalira ndi magazi oterewa. Kwathu kuno pali msampha wina woonjezera, fungo la mowa. Munthu akanunkha kachasu aliyense amati waledzera, atsitsimuka yekha. Namwino wodziwa ntchito yake salola mphuno yake kumuweruzira mlandu. Woledzera amene wagunda mutu amamutenga ngati wovulala ubongo kufikira zitaoneka kuti si choncho.

Onani mmene amagwirira ntchito. Amafika pa bedi ndi tochi yaing'ono ndi pepala. Sayamba ndi chilonda, ngakhale achibale onse akuloza chilondacho. Amayamba waima n'kuyang'ana ngati maso atseguka okha. Akapanda kutseguka amaitana: "Achimwene! Tsegulani maso." Akapanda kuyankha amatenga cholembera n'kukanikiza pa chikhadabo. Kenako mafunso amene gadiyani amawaona ngati achibwana: "Dzina lanu ndani? Muli kuti pano? Uno ndi mwezi wanji?" Ndiye manja: "Finyani zala zangazi. Tayani. Kwezani mikono yonse." Amamvetsera ngati yankho ndi lolunjika, losokonekera, mawu osagwirizana, kapena kubuula chabe. Amaona ngati dzanja likupita kukachotsa chimene chikupweteka, likungothawa, likupindikira pachifuwa, kapena likuwongoka mouma. Chilichonse chili ndi nambala yake. Maso amafika 4, kulankhula 5, kuyendetsa thupi 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wotsikitsitsa 3, ndipo amene wafika pa 8 kutsika m'munsi ali pa ngozi yaikulu, sangathenso kuteteza njira yake yopumira.

Muyeso umenewu anaukonza Graham Teasdale ndi Bryan Jennett ku Glasgow mu 1974, atatopa ndi mawu osamveka amene madokotala ankalemba m'mafayilo, oti "akuoneka wofooka" kapena "ali ngati wakomoka", amene aliyense ankawamva mwa iye yekha. Ankafuna chilankhulo choti namwino wa usiku ndi dokotala wa m'mawa azimvana. Ifenso tili ndi gawo lathu pa mbiri imeneyi. Mu 1989 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, akugwira ntchito pa ana odwala malungo a muubongo ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, anakonza muyeso wa ana osatha kulankhula, woyambira 0 kulekeza 5, ndipo dziko lonse limautchula Blantyre Coma Scale.

Koma nambala imodzi sinena zambiri. Luso lili pa kubwereranso. Malangizo a ku Britain amati wovulala m'mutu amene wagonekedwa, ngakhale ali pa 15, aziyezedwa theka la ola lililonse kwa maola awiri oyamba, kenako ola lililonse kwa maola anayi, kenako maola awiri aliwonse. M'wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo, wina akubuula uku, diripi yatha uko, magetsi azima, kubwerera pa bedi lomwelo kukadzutsa munthu amene akuoneka kuti wagona mwamtendere ndi ntchito yofuna khama losaneneka. Gadiyani amakwiya: "Inu a nesi, tamusiyani apumuleko." Iye amamudzutsabe. Amalemba 14, kenako 14, kenako 13, kenako 11. Munthu amene wakhala pa 11 chifikire ndi munthu amene watsika kuchoka pa 14 kufika pa 11 ndi odwala awiri osiyana, ndipo pepala lokhalo ndilo lingawasiyanitse.

Ndiye pali diso. Namwino amatsegula chikope ndi chala chachikulu, amabweretsa tochi kuchokera m'mbali, osati kutsogolo, n'kuona ngati kamwana ka m'diso kakunyala. Amachita chimodzimodzi diso linalo, kenako amatsegula onse awiri n'kuwayerekeza. Magazi akakankha ubongo, mbali yake ya m'munsi imatsetserekera pa mpata wopapatiza n'kupsinja mtsempha umene umalamulira kamwanako. Kamayamba kuchedwa kunyala, kenako kamakula, kenako kamangoti tong'o osasuntha ngakhale tochi iwale bwanji. Jonathan Hutchinson wa ku London anafotokoza chizindikiro chimenechi zaka za m'ma 1860, ndipo mpaka lero palibe makina amene anachilowa m'malo pa bedi la wodwala. Nthawi zambiri diso limene lakula limakhala mbali imene kuli magazi, pamene mkono ndi mwendo zofooka zimakhala mbali inayo. Wodziwa amadziwanso kuti nthawi zina kufookako kumanama, kumabwera mbali yomweyo, ndipo zikasemphana amakhulupirira diso. Kugunda kwa mtima kukayamba kuchepa pamene BP ikukwera ndipo kupuma kukudukizadukiza, chimene Harvey Cushing anachifotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndiye kuti nthawi yatsala pang'ono kutha.

Kwa ochuluka aja amene sadzapita ku fiyeta, ntchito ndi yosaoneka koma ndi imene imapulumutsa ubongo wambiri. Kuvulala koyamba kunachitika pamsewu ndipo palibe angakubweze. Kuvulala kwachiwiri kumachitika pang'onopang'ono pa matola, m'galimoto, pa benchi, ubongo ukamasowa mpweya ndi magazi. Lilime likagwera kummero, masanzi akalowa m'mapapo, BP ikatsika ngakhale kamodzi kokha chifukwa cha magazi otayikira m'mimba kapena m'ntchafu yothyoka, mwayi wopulumuka umachepa kwambiri. Choncho clinical officer wabwino amatsegula njira ya mpweya, amagwira khosi kuti lisagwedezeke, amapereka okosijeni, amaletsa magazi, amakweza kumutu kwa bedi pang'ono, amayeza shuga, amaletsa kukomoka kogwedeza thupi. Amadziwanso choti asachite. Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankabaya ovulala m'mutu mankhwala a steroid poganiza kuti amaphwetsa kutupa, mpaka kafukufuku wa CRASH, wa anthu oposa 10,000, anaonetsa mu 2004 kuti obayidwawo ndiwo ankafa ambiri. Mu 2019 kafukufuku wa CRASH-3, wa anthu 12,737 m'mayiko 29, anapeza kuti mankhwala otsika mtengo a tranexamic acid, omwewa amathandiza amayi otaya magazi pobereka, amachepetsa imfa mwa amene avulala m'mutu koma sanakomokeretu, akaperekedwa maola atatu asanathe.

Kuchokera pa Luchenza, wovulala amapita ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, ena ku Malamulo ku Makwasa, kumene amaphunzitsanso madokotala a opaleshoni. Zipatala zambiri za m'maboma zilibe makina a CT ojambulira m'mutu. Amene ali pa ntchito usiku umenewo, kawirikawiri clinical officer, ayenera kusankha ndi maso ake ndi pepala lija: uyu agone pano timuone, uyu akwere ambulansi apite ku Gulupu tsopano lino. Akatumiza onse, ambulansi imodzi ija siikwanitsa, mafuta atha, ndipo mayi wofunika kuthamangitsidwa pobereka asowa chokwera. Akasunga wolakwika, m'mawa kuli maliro. Ine ndimaona kuti chisankho chimenechi n'cholemera kuposa chimene amachita dokotala wa ku Oslo kapena ku Toronto, amene akakayika amangolemba kapepala, chithunzi n'kubwera tiyi wake asanazizire.

Ngakhale kuimba foni ndi luso. Wosadziwa amati, "Tili ndi peshenti wa ngozi, sali bwino." Wodziwa amanena zaka za wodwala, ola limene anagwa, nambala imene anafika nayo ndi imene ali nayo tsopano, diso liti lakula ndipo layamba nthawi yanji, BP ndi kugunda kwa mtima. Ndi mawu ochepa amenewo dokotala wa ku Blantyre amatha kuuza a ku fiyeta kuti akonze zipangizo ambulansi isanadutse pa Bvumbwe.

Ola lililonse ndi lodula. Mu 1981 madokotala a ku Richmond, m'dziko la America, anaunika odwala 82 okomoka amene magazi anaundana kunsi kwa nembanemba ija, pamwamba penipeni pa ubongo. Mwa amene anachitidwa opaleshoni maola anayi asanathe, 30 pa 100 aliwonse anamwalira. Mwa amene anachedwa kupitirira apo, anamwalira 90. Tsono kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2022, wa odwala 1,635 m'zipatala 159 za m'mayiko 57, anapeza kuti theka la odwala ankafika pa tebulo la opaleshoni patadutsa maola oposa 13 chivulalireni. Aliyense amene anayesapo kupeza galimoto usiku kuchokera m'mudzi wa kuseri kwa esiteti, mvula itagwa, akudziwa kumene maola amenewo amapita.

Chithunzi cha CT chikapezeka, chimawerengedwa mwa kamphindi. Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI, ndiye anapanga makinawa, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971. Magazi atsopano amaoneka oyera pa ubongo wotuwa. Akakhala pakati pa fupa ndi nembanemba amatukuka mbali zonse ziwiri n'kukhala malo amodzi. Akakhala kunsi kwa nembanemba amayala mopyapyala motsatira kupindika kwa chigaza. Dokotala amayeza kukula kwake ndiponso mmene mzere wapakati pa ubongo wasunthira. Malangizo amene akatswiri anagwirizana mu 2006 amati magazi a kunja kwa nembanemba akapitirira mamililita 30 achotsedwe, kaya wodwala akulankhula kaya ayi, ndipo a kunsi kwake achotsedwe akanenepa kupitirira mamilimita 10 kapena akakankha mzere wapakati kupitirira mamilimita 5. Mamililita 30 ndi masipuni aakulu awiri basi. Ocheperapo, pa munthu amene akulankhula bwino, amatha kungowayang'anira, thupi n'kuwamwa lokha. Apanso dzanja lodziwa kudikira ndi lofunika ngati dzanja lodziwa kucheka.

Tsono ku fiyeta. Wopereka mankhwala ogonetsa amalowetsa paipi kummero mofulumira koma mosamala, chifukwa wodwala akatsokomola kapena BP ikagwa pa mphindi imeneyi ubongo umalipira. Mutu amaumeta, amautembenuzira kumbali, amaika katsamiro kunsi kwa phewa kuti khosi lisapotoke n'kutseka mitsempha yotsitsa magazi. Dokotala amayang'ananso chithunzi ndi diso la wodwala kuti atsimikize mbali, pakuti kutsegula mbali yolakwika kunachitikapo m'zipatala zotchuka. Amajambula mzere kuyambira patsogolo pa khutu, kukhotera m'mbuyo, kukwera, n'kubwerera kutsogolo m'kati mwa tsitsi, kuti chipsera chidzabisike ndiponso kuti asadule mtsempha wokwezera nsidze. Khungu la m'mutu limakha magazi kwambiri, choncho womuthandiza amakanikiza m'mbali ndi nsonga za zala pamene mpeni ukudutsa. Mnofu wotafunira amaupatula. Fupa laonekera, ndipo nthawi zambiri mng'alu uli pomwepo, kamzere kofiira kakukha magazi.

Kumene kulibe chiboolero cha magetsi, kapena chawonongeka, amatenga cha manja chotchedwa Hudson brace. Kalipentala aliyense wa pa msika wa Luchenza akhoza kuchizindikira, chifukwa ndi chimodzimodzi chija amaboolera matabwa: chogwirira pamwamba, chopukusa pakati, nsonga pansi. Kusiyana kwake n'koti kuseri kwa thabwa kulibe ubongo. Fupa la chigaza lili ndi magawo atatu, lolimba kunja, lofewa lamagazi pakati, lolimba lopyapyala m'kati, ndipo dokotala amawamva m'dzanja limodzilimodzi. Poyamba nsonga imaterereka, imafuna mphamvu. Kenako imaluma, fumbi loyera la fupa limasanduka lofiirira. Kenako imayamba kugwedera n'kukakamira, ndipo pamenepo amaleka. Thupi lake lonse limakhala lokonzeka kubweza, osati kukankha, chifukwa nsonga ikapitirira mwadzidzidzi imalowa m'malo osabwezeka. Amasintha nsonga n'kuika yobulungira yokulitsira bowolo. Pa magazi a kunja kwa nembanemba, bowo likangotseguka zoundana zakuda zimayamba kudzitulukira zokha ndi mphamvu imene inali m'katimo, ndipo nthawi zina wogonetsa uja amaona kugunda kwa mtima kukubwerera mwakale nthawi yomweyo.

Koma bowo limodzi silikwanira, popeza magazi oundana ndi olimba ndipo mtsempha wodukawo ukadali kukha. Amaboola ena angapo mozungulira, amalowetsa kachitsulo kopyapyala kunsi kwa fupa kuchokera bowo lina kukatulukira lina, n'kukokera kawaya ka mano. Waya ameneyu anamupanga Leonardo Gigli wa ku Italy mu 1894, ndipo cholinga chake chinali kuthandiza amayi ovutika pobereka, osati mitu. Amamukoka uku ndi uku, manja atatambasuka, akupendeketsa kuti m'mphepete mwa fupa mukhale motsetsereka, kuti podzabwezera chidutswacho chidzakhale bwino osagwera m'kati. Womuthandiza amadontheza madzi kuti fupa lisapse. Chidutswa chikatukulidwa, amachotsa zoundana ndi madzi ndi kapaipi koyamwa, amafufuza mtsempha uja mpaka aupeze, amauwotcha ndi kanyerere ka magetsi. Ukakhala kuti ukukhera m'fupa, amamata ndi phula, njira imene Victor Horsley anaifalitsa mu 1892. Kenako amasoka nembanemba ija kuimangirira m'mphepete mwa fupa, kuti pasakhalenso mpata woti magazi adzaunjikane. Apa ndi pamene ndimaonera mmisiri weniweni. Ngozi yadutsa, aliyense watopa, kunja kukucha, koma iye amasokabe timfundo timeneti kamodzikamodzi, timene palibe adzatione. Nembanemba imene inali yobwanyuka imayamba kudzuka, kenako kugunda motsatira mtima. Fupa limabwezedwa, khungu limasokedwa, ndipo chinthu choyamba chimene amachita akachotsa nsalu ndi kutsegula diso lija ndi tochi.

Nanga CT ikakhala kuti palibe, kapena yawonongeka, ndipo diso lakula kale? Madokotala akale ankaboola mongotsatira zizindikiro, kuyambira pa litsipa la mbali ya diso lakulalo, akapanda kupeza n'kupita kutsogolo, kenako kumbuyo. Mayiko olemera anaisiya njira imeneyi. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene akhala akulemba kaundula wa ovulala mogwirizana ndi University of North Carolina kuyambira 2008, anaunika nkhaniyi n'kufalitsa mu 2017 kuti odwala amene anabooledwa motere ankapulumuka kwambiri kuyerekeza ndi amene sanajambulidwe ndiponso sanachitidwe opaleshoni. Si umboni woti aliyense atenge chiboolero, ndipo madokotala amasankha okha oti awaboole, zimene zimakhudza ziwerengero. Koma ukusonyeza kuti luso lakale lija, m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, likadali ndi ntchito kuno.

Si opaleshoni zonse zimene zili zothamanga chotere. Kafukufuku wa 2022 uja anapezanso kuti m'mayiko osauka kwambiri opaleshoni yochuluka inali yotukula fupa lobwanyukira m'kati, ndipo odwala ake anali achinyamata, pamene m'mayiko olemera ochuluka anali okalamba. Fupa lobwanyuka ndi chizindikiro cha mwala, khasu, chibonga. Ntchito yake ndi yotsuka, kuchotsa tsitsi ndi dothi, kutukula zidutswa, kusoka nembanemba ikang'ambika, kuti mafinya asadzalowe muubongo.

Palinso agogo. Ubongo wa munthu wokalamba, ngakhalenso wa chidakwa, umanyala pang'ono, ndipo timitsempha tolumikiza ubongowo ndi nembanemba timakokeka. Kugunda pang'ono pa mphuthu ya chitseko n'kokwanira kudula kamodzi. Magazi amadontha mwakachetechete kwa milungu ingapo, amasungunuka n'kukhala madzi akuda. Agogo amayamba kuiwala, kukoka mwendo, kulankhula zosamveka, kugona usana. Pamudzi ena amati ndi ukalamba, ena sitiroko, ena amayamba kunong'ona za ufiti, ndipo palibe akukumbukira za chitseko chija. Pamenepa bowo limodzi kapena awiri amakwanira, nthawi zina wodwala ali maso atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi. Madokotala a ku Cambridge anaonetsa mu 2009 kuti kusiya kapaipi kotulutsa madzi kwa masiku awiri kumachepetsa kubwereranso kwa vutoli kuchoka pa 24 kufika pa 9 mwa 100 aliwonse. Ndi opaleshoni zochepa zimene zimabweza munthu msanga chotere. Luso lake lalikulu ndi la amene anaganiza zofunsa kuti, "Kodi agogowa anagwapo miyezi yapitayi?"

Pali mbali ina imene sindingaikometsere. Ubongo ukatupa wonse, madokotala amatha kuchotsa chidutswa chachikulu cha chigaza osachibwezera, kuti ubongo upeze kotupira. Kafukufuku wa RESCUEicp mu 2016, wa odwala 408, anapeza kuti njira imeneyi inatsitsa imfa kuchoka pa 49 kufika pa 27 mwa 100 aliwonse, koma ena mwa opulumukawo anatsala osadziwa kanthu kapena olumala kwambiri. Ku Ulaya zimenezi n'zovuta kale. Kuno, kumene mabedi a ICU ndi owerengeka ndipo wosamalira wolumala ndi mkazi wake kapena amayi ake amene ayenera kusiya ntchito ya kumunda, dokotala wabwino amakhala pansi ndi achibale n'kuwauza zoona. Kunena kuti "Bambo, opaleshoni siithandiza" kwa munthu amene wagulitsa mbuzi kuti afike ku Blantyre kumafuna mtima wolimba kuposa kugwira chiboolero.

Kwa nthawi yaitali ntchito yonseyi m'Malawi inali m'manja mwa madokotala a opaleshoni wamba ndi ma clinical officer. Patrick Kamalo atabwerako ku maphunziro ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, anakhala zaka zingapo ali yekha dokotala wa ubongo pa Gulupu, akulandira ana a madzi m'mutu, zotupa, misana yothyoka ndi ngozi za pamsewu za chigawo chonse cha kummwera. Mgwirizano ndi Oslo University Hospital wa ku Norway unabweretsa zipangizo ndi maphunziro a anamwino, ndipo chimene Kamalo anachita chachikulu koposa n'choti anayamba kuphunzitsa ena konkuno. Ku Lilongwe tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pa Kamuzu Central. Madokotalawa akadali ochepa kwambiri pa dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene angathandize mutu umene wafika mochedwa. Opaleshoni ya ku Blantyre imapambana kapena kulephera malinga ndi zimene zinachitika pa bedi la ku Thyolo maola angapo m'mbuyomo.

Inunso muli ndi mbali yanu. Mbale wanu akagunda mutu n'kukomoka ngakhale pang'ono, akasanza mobwereza, mutu ukamawawa moonjezereka, akamawodzera, akamalankhula zosokonekera, akagwa khunyu, kapena m'khutu kapena m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi, pitani naye kuchipatala usiku womwewo, ngakhale atanunkha mowa, ngakhale atakana. Akakubwezani kunyumba, musamusiye agone yekha, ndipo muzimudzutsa n'kumufunsa dzina lake. Mukafika kwa a nesi, auzeni ola limene anagwa ndiponso ngati analankhulapo atagwa.